Amene Ankatsatira Nyale ya Lufeyo

Bokosi la zidalo ulisiye pomwe walipeza, Wedisoni. Ndati ulisiye. Ndi la Lufeyo limenelo, ndipo mwini wake sanafe, ali m'chipinda umo. Ukufuna umangirire tinyale tofiira kumbuyo kwa njinga yako yamotoyo kuti atsikana a pa Chirimba azikuona? Ndi nkhope imeneyo, mdima ndiye ukukuthandiza.

Khala apo. Iwe unali ku Joni pamene zinkachitika izi, ndipo amako anangokuuza pa foni kuti msuweni wako wadwala miyendo. Amako amaopa abusa awo kuposa Mulungu. Ine ndikuuza zimene ndinaona ndi maso angawa, amene sanavalepo magalasi.

Lufeyo ndinamulera ine bambo ake atamwalira, ndipo mwana ameneyu anabadwa atafumbata waya. Galimoto yoti yawakanika amakaniko onse a ku Ndirande, iye ankangopisa dzanja pansi pa chiwongolero, kununkhiza, n'kunena kuti papsa apa. Koma anali ndi nthenda imodzi. Chinthu chopotoka sankachilekerera. Akaona babu likuphethira pa galimoto ya munthu woti samudziwa n'komwe, chakudya chinkamuima pakhosi.

Ndiye anagula kagalimoto kakale ka ku Japani koti azinyamulira anthu. Ine ndinkamuseka kuti mwamuna wanga, wanditengera mkazi wachitatu, poti wachiwiri anali Esinala, mkazi mnzanga uja wa milomo yopaka. Kumbuyo kwa galimotoyo, pabuti, pakati pa nyale ziwiri zija, panali mpata ngati m'kamwa mwa munthu wamagweru. Akuti pamenepo pamakhala chipulasitiki chofiira, chachitali, chokhala ndi timababu m'kati, choyaka pamodzi ndi nyale zinazo. Galimoto inkayenda bwinobwino popanda chimenecho. Ndinamufunsa ngati anthu amakwera galimoto poyang'ana matako ake. Anati agogo inu simungamvetse.

Anasakasaka mpaka anachipeza kwa bambo wina wophwasula magalimoto owonongeka. Akuti galimoto imene inali nachoyo kutsogolo inali yosalala ngati yatsopano, kumbuyo kokha ndiye kunali kotiwizika. Ndipo bamboyo, munthu woti amagulitsa ngakhale msomali wadzimbiri, anamuuza kuti masula wekha, tenga, usandipatse kanthu. Pomasulapo mwini wakeyo anakaima kutali, atayang'ana kwina. Lufeyo anafika pano akuseka kuti lero wadzuka ndi mwayi. Ine ndinangoti chaulere chimakhala ndi mwini wake.

Anachigoneka pamkeka pakhonde pompano. Pakati chinali chitang'aluka, ming'alu itathamangira mbali zonse ngati chipanda chogwera pamwala. Anatenthetsa mpeni wanga pambaula, kusungunula guluu wa m'mbali, n'kuchitsegula ngati akutumbula nsomba. M'katimo munali fumbi lokhalokha. Atachitsuka m'beseni, madzi anangoti bii. Iye anati ndi fumbi la msewu. Ine makala ndawagulitsa pamsika wa Chirimba mpaka msana unakana, undiuze chiyani. Fumbi la msewu ndi lofiira. Limenelo linali la makala.

Potaya madziwo, pansi pa beseni panatsala kanthu koyera, kolimba, ngati njere ya chimanga yobanthuka. Lufeyo anakatola, kukayang'ana, n'kunena kuti ndi kapulasitiki. Anakaponya kumpanda uko. Zoterozo zatuluka zambiri m'kamwa mwangamu, ndimazidziwa.

Ntchito anaigwira, pamenepo sindinganame. Timababu tonse tinali titapsa, anaika tina. Mawaya owola anadula, kulumikiza atsopano ndi mtovu wosungunula, kukulunga tepi mwaukhondo ngati akumanga bala la mwana. Wofiira anaupititsa ku nyale, wakuda anaumangirira pa bawuti ya thupi la galimoto. Ming'alu ija anaithira guluu, itauma n'kuikwecha ndi mankhwala otsukira mano mpaka chala kumangotsetsereka. Madzulo, dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri, anachimanga pabuti n'kuyatsa.

Psuu, ngati khala limodzi lalitali. Chinakongola, ndivomere. Koma galu wa kwa aneba, amene amauwa ngakhale nkhuku, anapinda mchira n'kukalowa pansi pa thandala. Ndipo m'kachetechete mmenemo ndinamva tcheke-tcheke-tcheke, mmene imalirira njinga yakapalasa munthu akasiya kupalasa potsetsereka. Ndinasuzumira m'kanjira. Munalibe njinga.

M'mawa mwake tinapeza dzanja pabuti, mbali ya kumanja. Lakuda, la munthu wamkulu, zala zonse zikuoneka, koma chaching'onocho chinali chachifupi, chothera pakati. Esinala anatukwana ana a m'dera lonse lino n'kupukuta. M'mawa winawo dzanja lili pomwepo.

Kenako tinthu tinayamba kusowa. Malegeni anga omangira mitolo, amene ndinkakoleka pamsomali apo. Mkute wosiya pakhonde. Madzi a m'ndowa ankatsika okha, ndipo kapu tinkaipeza ili ndi mzere wakuda pamlomo. Pageti pankapezeka makala awiri atatu, aakulu, a mtengo wabwino, oikidwa bwinobwino ngati munthu akuthokoza. Ndinati asawakhudze aliyense. Koma mkazi mnzangayo, chinthu chaulere kwa iye ndi ngati ntchentche pachilonda. Anawasonkha pambaula. Anayaka ofiira bwinobwino, koma madzi sanawire. Anayandikitsa dzanja, n'kulibweza msangamsanga. Akuti moto wake unali wozizira.

Nayo galimoto inayamba kulemera. Pamalo oti see inkathamanga, koma pachitunda chokwera ku Nyambadwe inkabuula ngati yanyamula simenti, m'katimo muli munthu mmodzi. Lufeyo anamasula mabuleki onse, sanapeze kanthu. Tsiku lina mayi wina amene anamunyamula, potsika anamuuza kuti achimwene, muwauze anzanuwo asiye kugwirira galimoto pokwera, tsiku lina adzagwa. Lufeyo anafunsa kuti anzanga ati. Mayiyo anayang'ana kumbuyo kwa galimoto, kuyang'ananso Lufeyo, n'kuchoka mofulumira osacheuka.

Ndiye zinafika pa thupi lake. Akatumba a m'miyendo anatupa, mapewa kuwawa. Ankadya za anthu awiri koma nthiti kumaonekerabe, madzi kumwa ngati ng'ombe. Podzuka ankati agogo, ndatopa ngati ndachokera ku Neno. Akatsokomola, makhololo ankatuluka akuda.

Apo ndiye anavomera kuti chinthucho achizimitse. Anazula fyuzi. Madzulo chinayaka. Anachotsa batire yonse n'kuiika m'nyumba. Madzulo chinayakabe, pang'onopang'ono, ngati khala lobisala m'phulusa. Mwamuna wangayo m'malo moopa anakwiya. Anati palibe moto wopanda kochokera, n'kumakwawa pansi pa galimoto ndi kawaya kake koyezera kaja, kufunafuna pamene pakudutsa. Atalephera anachimasula n'kuchikankhira pansi pa bedi.

Madzulo amenewo tcheke-tcheke uja analowa m'nyumba. Ankazungulira pabalaza, kuima pachitseko cha kuchipinda, kuyambanso. Pasimenti yomwe Esinala anapaka polishi panatsala mzere wa tayala. Kutacha mkazi mnzangayo anamanga zovala zake m'chitenje, ulendo kwa amake ku Chiradzulu. Mpaka lero milomo yake sitinaionenso.

Lufeyo anati akachitaye kudzala. Ndinakana. Ndinati ngati pali munthu akuchitsatira, ukamusiya pa zinyalala, ndipo khomo lathu walidziwa kale. Chibwezere pagalimoto, bola akhale panja. Anachibwezera.

Tsono panali china chimene ndinali nditachiona. Anyamata a makala, amene amabwera ndi matumba osanjikiza panjinga, anasiya kufuula pageti pathu. Akafika apa ankawolokera mbali inayo, maso pansi. Tsiku lina ndinaona mmodzi wachikulire akutsika panjinga, kuvula chipewa moyang'ana galimoto, n'kumakankha mwakachetechete. Anali a Sandalamu, amene ankandipikulitsa makala kale. Ndinawathamangira ndi mawondo anga omwewa n'kugwira kaliyala. Ndinati simuchoka pano musanandiuze amene mukumuvulira chipewa.

Anazemba, anazemba, kenako anandifunsa za chala. Nditawauza kuti chaching'ono n'chachifupi, anakhala pansi m'mbali mwa ngalande. Anati ndi Lingisoni, wa kutsidya kwa Shire, kupitirira Zalewa. Chalacho inachidya nkhwangwa. Anandiuza kuti iwo amanyamuka kwawo tambala asanalire, njinga zopanda nyale, ndiye akaona galimoto yoyenda pang'ono amaikakamira kumbuyo. Pokwera amaigwirira, potsika amatsata kufiira kwakeko kuti aone maenje. Lingisoni anapeza galimoto ya nyale yaitali, yowala bwino, n'kuitsatira pafupi, matumba ali kumbuyo. Woyendetsa anaponda buleki mwadzidzidzi. Achibale anakatenga thupi kuchipatala n'kukaika, koma palibe anapita pamene anagwera kukamuuza kuti tiyeni kwathu. Ndiye munthu atani? Akutsata chimene anachiona komaliza.

Ndinafunsa chochita. A Sandalamu anandilongosolera njira ya kumudzi kwake, kenako anandigwira mkono.

"Mumuperekeze, mayi. Pang'onopang'ono, liwiro la njinga, asatsale. Koma dzuwa likhale lili kumwamba. Masana nyaleyo akuiona yekha, poti waigwira kale. Kukada iona aliyense. Ndipo pamsewu umenewu sanagwepo yekha."

Tsiku la ulendo ndinadzuka kusanache bwino, ndamanga chitenje, ufa m'thumba, nkhuku yopatsa namfedwa ndaimanga miyendo. Lufeyo anabwezera batire, kuyatsa, n'kuzungulira kumbuyo kukaona. Kukona kwa kumanzere babu limodzi linali kuphethira.

Ndinati tiye, akufa sasankha. Iye anali atatenga kale bokosi lomwe wagwiralo.

"Agogo, munthuyu anafera nyale imeneyi. Ndimuperekeze kwawo ndi nyale yophethira?"

Ndinamutukwana mawu onse amene ndinaphunzira pamsika. Ndinamumenya ndi patapata kumsana. Ngati ndikumenya mtondo. Anachimasula, kuchitsegulanso, kupeza kuti babu la mtundu umenewo m'bokosi mulibe. Anadzikoka mpaka ku Ndirande. Kumeneko anapeza owala kwambiri okhaokha, ndiye poti limodzi lingasiyane ndi anzake, anasintha onse. Kenako kudikira guluu aume. Pomaliza kumanga, mthunzi wa papaya unali utafika pakhonde.

Ndinati basi, tipita mawa. Anakwinya buluku n'kundionetsa miyendo. Inali ngati mitondo, khungu likunyezimira. Anati mawa sadzatha kuponda kalachi, ndipo ndani wina angavomere kuyendetsa galimoto imeneyi. Sankanama. Madalaivala onse a pasiteji anali atayamba kale kumulambalala. Tinanyamuka.

Liwiro la njinga pamsewu wa Zalewa, iwe ukudziwa mmene amayendera a minibasi. Mahutala, makondakitala kutulutsa mitu kumatitukwana. Ine ndinkawabwezera aliyense ndi amake omwe. Pa Lunzu tinadutsa dzuwa lilipo. Pa Lirangwe linali litafiira. Tisanafike pa Mdeka linalowa.

Mababu atsopano aja, Wedisoni. Msewu wonse kumbuyo kwathu unafiira mpaka kutali, mitengo, zikwangwani, zonse. Tcheke-tcheke uja tinali naye kuchokera pakhomo, tinali titamuzolowera. Koma ndinamva wina walowa, wolira mosiyana, wa tcheni chouma. Kenako wina. Kenako sizinali njinga zokha. Mapatapata, phwa phwa phwa, munthu akuthamanga. Wina wokoka mwendo. Kwinakwake chakumunsi, pafupi ndi tayala, kankatsokomola kamwana.

Galimoto inayamba kubuula pamalo oti palibe chitunda. Lufeyo anatsitsa giya, kutsitsanso, thukuta lili kamukamu. Ogulitsa m'mbali mwa msewu, amene amathamangira galimoto iliyonse, anangoima ndi malichero awo. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumukwirira nkhope m'chitenje. Ndinaona maso a Lufeyo akukwera kupita pagalasi. Ndinaligwira galasilo n'kulipotolera kudenga. Ndinati yang'ana kutsogolo, mwamuna wanga, kumbuyo kulibe m'bale wako.

Pa mlatho ndinatsitsa windo, monga timachitira tikanyamula maliro. Ndinati a Lingisoni, tikuwoloka Shire. Phokoso lonse lija linati zii, ngati anthu akudikira kumva dzina lawo. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndinati nonse muli kumbuyoko, ndi Shire uyu, tiwoloke bwino. Linayambanso.

Tinakhota pa msewu wafumbi umene ananena a Sandalamu, mpaka pa kanyumba ka udzu kokhala ndi mulu wa matumba opanda kanthu pakhonde. Tisanaodire n'komwe, panatuluka mtsikana, mwana kumbuyo, mpango wakuda kumutu. Ife sanatiyang'ane. Anazungulira galimoto n'kukaima kumbuyo, m'kufiira muja.

"Mwachedwa, bambo a Feliya. Lowani."

Ndinamva njinga ikutsamiritsidwa pakhoma. Galu wa pakhomopo anadzuka, kugwedeza mchira, n'kumalondola poti palibe munthu mpaka pachitseko.

Anabwera amalume ake a malemu ndi koloboyi. Nditawafotokozera, anati chinthucho tichisiye, akachikwirira pamanda kukacha. Lufeyo anatsika mogwirira chitseko, kumasula mabawuti, n'kudula mawaya umodzi ndi umodzi. Atadula womaliza, chinazima. Chinthu choti chinakana kuzima popanda batire chinangoti phi, mdima bii.

Amalume aja anakweza koloboyi pabuti. Dzanja la chala chachifupi panalibe. Koma buti yonse, bampala, galasi la kumbuyo, mpaka m'mbali mwa zitseko, munali manja okhaokha, ena pamwamba pa anzawo. Ena a makala, ena a fumbi, ena a chinthu chimene sindinafune kuchiyandikira. Pansi penipeni pa bampala panali ting'onoting'ono.

Kunalibe tcheke-tcheke, kunalibe patapata. Ndiye ndinaona Lufeyo akugwedeza phewa, mmene amachitira munthu wina akamugwira. Kugwedezanso linalo. Kenako mawondo anapinda pang'onopang'ono ngati akumusenzetsa matumba. Amalume atatembenuza koloboyi, malaya ake oyera aja kumsana sanalinso oyera.

Lingisoni anafika kwawo. Enawo tinawatola pamsewu, tinawazimitsira nyale pamudzi wa eni, ndipo kwawo sitikudziwa. Anagwira amene amadziwa kuyatsa.

Tinagona komweko. M'mawa anatiyendetsera mnyamata wina wa pa Zalewa, ndipo anati sanaonepo galimoto yopepuka chonchi. Lufeyo tinamulowetsa m'nyumba muno atanyamulidwa. Kuchipatala tinapita, anamutenga magazi, kumujambula, kutipatsa mapilitsi. Abusa a amako anabwera, anafuula mpaka mawu kusasa, anadya nkhuku yanga, anapita. Masana miyendo ija ndi yakufa, ngakhale uitsine. Dzuwa likangolowa imayamba yokha pamphasa, kupalasa, kupalasa, mpaka zidendene zinachita zipsera.

Tsiku lina madzulo galimoto ina inalowa m'kanjira kano mosokera. Pobwerera chambuyo woyendetsa anaponda buleki, kufiira kuja n'kugwera pawindo la chipinda chake. Munthu woti kuchimbudzi ndimachita kumukoka, anatulukira pawindo pomwepo. Anakamugwira anthu ku Kameza, mapazi ali magazi okhaokha, amuna angapo kulimbana naye. Sankalira mapazi ayi. Ankalira kuti galimoto yatisiya. Akanapanda kupunthwa pa ngalande, bwenzi pano ndikukuuza za manda.

Miyala imene waidandaula pakanjirayo, yoti yakukwapula sayilensa ya njinga, ndinaika ndine. Ndakangana ndi dera lonse lino, anditchula mfiti, anditchula wamisala, ndipo galimoto silowabe. Mbaula ndimasonkhera kuseri, nditaitchinga ndi lata. Galimoto ya Lufeyo ija inapita kwa ophwasula. Mdzukulu wanga ndiye sapita kulikonse ine ndili moyo. Ndiye iwe ubwere ndi tinyale tako ta ku Joni, utiyatse pakhomo panga?

Taona mthunzi pamene wafika. Khala chete. Wamva mphasa ikukhwekhwereza? Wayamba. Tsopano ayitana, amayitana tsiku lililonse.

"Agogo, yatsani. Sitikuona njira."

Ndamva, mwamuna wanga. Gona, kunja kulibe galimoto.

Dzuka, Wedisoni. Bweza bokosilo pansi pa tebulo. Njingayo usailize pano, uikankhe mpaka kumsewu wa tala. Ndipo potsetsereka apo usagwire buleki. Ndikudziwa uti kiyi ali m'thumba, nyale siingayake. Msuweni wako ankateronso, batire ili pabalaza. Ikakupulumuka, ileke igwe. Ine ndikukatseka katani.